Manja ndi ochepa, ntchito zathithikana: tiyambe iti?

Alimi anzanga a ku Likangala, Jali ndi Domasi, mvula ikakhazikika dandaulo lanu limakhala limodzi: mbande za mpunga zakwana kuwokera, chimanga kumtunda chalowa thengo, feteleza wachiwiri akudikira m'thumba, koma pakhomo muli anthu atatu okha ndipo ya aganyu palibe. Si ulesi ayi. Vutoli linabadwa tsiku lomwe munafesa nazale.

Taonani. Mbande timawokera zikatha pafupifupi masiku 21. Urea nayenso timathira patatha masiku 21 chimanga chitamera, m'munda mopalira kale. Ndiye mukafesa nazale sabata yomwe chimanga chikumera, ntchito zitatuzi zidzakupezani nthawi imodzi. Kumene madzi alipo, monga ku sikimu, fesani nazale masiku khumi chimanga chisanamere, kapena idikire masiku khumi. Anthu atatu omwewo akwanitsa.

Tengani kalendala yakale, mulembe kuseri kwake ntchito zonse za nyengoyi. Pa iliyonse mudzifunse: itenga masiku angati, ikudikira ntchito iti kuti iyambe, nanga ikufuna chiyani chimene chili chosowa, kaya manja, ngolo yobwereka, kapena pampu imodzi ya kalabu? Kenako tsatirani ntchito zodikirana, mupeze mndandanda wotenga masiku ambiri koposa. Kwa ambiri umakhala uwu: kukonza nazale, kufesa, kusalaza munda, kuwokera. Ntchito ya pa mndandandawu ikachedwa tsiku limodzi, zonse zobwera pambuyo pake zachedwanso. Njirayi amaitcha critical path, ndipo inayamba ku America m'zaka za m'ma 1950 pokonza ntchito za m'mafakitale a kampani ya DuPont. Iwo ankawerengera pa kompyuta, koma pa munda wa banja pensulo ikukwana.

Chimene ndimalimbikira kwambiri n'chakuti ntchito ziwiri zikalimbirana manja omwewo, musathamangire yaikulu kapena yapafupi ndi nyumba. Yambani imene singadikire. Kukonza khola kungathe kudikira milungu iwiri popanda chotayika. Mbande zikakalamba pa nazale sizibereka ana ambiri, ndipo zimandiwawa kuona mlimi wakhama akuwokera zazitali ngati tsekera chifukwa anatanganidwa kwina.

Pali ntchito zina zimene zimayenda zokha inu muli kwina. Manyowa amawola okha, mbande zimakula zokha. Zotere muziziyamba msanga, zizipsa inu mukugalauza.

Ngolo yobwereka pemphani tsiku lake pasadakhale, ndipo katundu yense wofuna ngolo mumuunjike pa tsiku limenelo. Pa kalendala yanu, sabata iliyonse musiye tsiku limodzi losalembapo kanthu. Maliro sauza munthu, malungo nawo amakonda nyengo yomweyi, ndipo tsikulo ndi limene mudzabwezere zomwe zatsalira.