Chipatala chanu ku England chinali workhouse? Momwe mungafufuzire ndi kupempha kuti asachigwetse

Anzathu ambiri amene akugwira ntchito ya unesi ku England amalowa daily m'zipatala za boma za NHS zomwe kutsogolo ndi magalasi okhaokha koma ukazungulira kuseri umapeza chinyumba chakalekale cha njerwa, mawindo ali ndandanda. Zambiri mwa zinyumba zimenezi zinali ma workhouse, momwe ankasungiramo anthu osauka makamaka kuchokera pa lamulo la 1834, ndipo banja likangolowa pageti basi bambo uku, mayi uku, ana kwina. Makomiti oyendetsa nyumbazi anathetsedwa mu 1930, NHS itabwera mu 1948 zambiri zinasanduka zipatala. Pano zina zikugwetsedwa kuti amangepo mafulati, koma aliyense, ngakhale inuyo wobwera, muli ndi ufulu wopempha kuti nyumba itetezedwe ndipo salipiritsa.

Choyamba yang'anani kamangidwe. Tsegulani Google Maps muione nyumbayo kuchokera mumwamba, chifukwa muli pansi simungaone kanthu. Mapulani a ma workhouse omwe anajambula Sampson Kempthorne mu 1835 anali a mtanda kapena chilembo cha Y, pakati penipeni pali malo a bwana woyang'anira kuti akasuzumira pawindo aziona mabwalo onse nthawi imodzi, la amuna, la akazi, la anyamata, la atsikana. Mukaona mawodi ataliatali okhala ndi mawindo mbali zonse ziwiri kuti mphepo izidutsa, ndi kansanja kumapeto komwe kunali zimbudzi ndi mabafa, amenewo anawonjezera pambuyo pake, odwala atachuluka. Onaninso geti, ngati lili lokhota pamwamba ndi kachipinda ka mlonda pambali, jambulani.

Kenako pitani pa webusaiti ya Historic England, bungwe la boma loona za nyumba ndi malo akale, musake mu National Heritage List for England, mndandanda wa nyumba ndi malo otetezedwa, mungolemba postcode. Mwina nyumbayo ndi yotetezedwa kale. Magiredi alipo atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo nyumba zotetezedwa zoposa 90 pa 100 zilizonse zili mu Grade II. Chitsanzo ndi workhouse ya ku Leeds yomwe inatsegulidwa mu 1861 n'kudzakhala mbali ya St James's Hospital, pano ndi Thackray Museum of Medicine, ili mu Grade II. Koma werengani mawu onse, musangoona dzina n'kusangalala, nthawi zina amateteza bloko imodzi yokha enawo ayi. Ngati muli ku Scotland pitani kwa Historic Environment Scotland, ku Wales ndi Cadw.

Mukapeza kuti nyumbayo palibe pa mndandandawo, apa ndiye pali ntchito, kusonkhanitsa umboni. Mapu akale a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu a dziko la Britain, ali ulele pa webusaiti ya National Library of Scotland ndipo a England alimonso, muike pambali pa mapu a lero muone kuti ndi makoma ati atsala. Webusaiti ya workhouses.org.uk ya Peter Higginbotham ili ndi mbiri ya workhouse pafupifupi iliyonse. Mabuku a misonkhano ya makomiti aja amasungidwa ku record office, ofesi yosunga zikalata zakale, ya dera lanu. Chenjerani ndi ma adiresi, kuyambira 1904 mwana wobadwira mu workhouse ankamulembera nambala ya msewu wamba pa setifiketi pofuna kumuchotsera manyazi, ndiye dzina la workhouse mwina simuliona.

Ine chomwe ndimaumirira ndi ichi, chisoni chokha sichipulumutsa nyumba, a Historic England akufuna zaka, dzina la wojambula pulani, ndi zomwe zatsala zenizeni ngati masitepe, denga, zitseko. Nyumba zambiri za pakati pa 1700 ndi 1850 zomwe sizinasinthidwe kwambiri amaziteteza, koma za pambuyo pa 1850 amasankha mwaukali, ndiye muyenera kuonetsa chomwe yanuyo ikusiyana ndi zinzake. Taonani ya pa Cleveland Street ku London. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1770, inadzakhala mbali ya Middlesex Hospital, ndipo Dr Joseph Rogers amene anamenyera nkhondo chisamaliro cha odwala osauka ankagwira ntchito momwemo. Poyamba boma linakana kuiteteza. Anthu sanagonje, Ruth Richardson wofufuza mbiri yakale anaonetsa kuti Charles Dickens, mlembi wotchuka wa mabuku, anakhalapo pa msewu womwewo makomo ochepa chabe kuchokera pa workhouse, ndipo mu 2011 inalowa mu Grade II, ngakhale ndi bloko yakale yakutsogolo yokha.

Umboni ukakwana lembani fomu ya pa intaneti ya Historic England, muikemo adiresi, mapu, zithunzi zakunja ndi zamkati. Zamkatizo pemphani kaye chilolezo chonde, ndipo wodwala asaoneke olo pang'ono, ntchito ingakuthereni. Ngati pali pulani yogwetsa nenani poyera ndi nambala ya planning application, pempho lomwe ofuna kugwetsawo anapereka kukhonsolo, chifukwa zomwe zili pachiopsezo amaziyang'ana msanga. Historic England imangolangiza, womaliza kugamula ndi nduna yoona za chikhalidwe.

Zikakhala kuti zigwetsa posachedwa, imbirani conservation officer wa khonsolo, woona za nyumba zakale, khonsolo ili ndi mphamvu yotulutsa Building Preservation Notice yomwe imateteza nyumba kwa miyezi 6 pomwe akuunika. Lemberaninso mabungwe omenyera nyumba zakale, Victorian Society, kapena Georgian Group ngati nyumbayo ndi yakale kuposa 1837, anthu amenewa nkhani izi ndi zawo.

Ikatetezedwa sikuti ndiye yaumitsidwa ayi, atha kuisandutsa mafulati kapena maofesi, kungoti ayenera kutenga kaye listed building consent, chilolezo chosinthira nyumba yotetezedwa, kukhonsolo, ndipo kugwetsa kapena kusintha popanda chilolezocho ndi mlandu. Ndiye muzionabe zomwe zikutuluka pa webusaiti ya mapulani ya khonsolo yanu, pempho likatuluka nthawi yoperekera maganizo imakhala masiku 21 basi.