Mmene ndimatsekera pakhomo anthu ofuna kundimvetsera pa foni

Mu 2013 Edward Snowden, yemwe adagwirapo ntchito zaukazitape, adaulula kuti bungwe laukazitape la NSA ku America linkasonkhanitsa mbiri ya mafoni a anthu mamiliyoni. Kuyambira pamenepo sinditumizanso nkhani yofunika pa SMS, chifukwa uthengawo umadutsa ku kampani ya foni uli poyera.

Yambani ndi Signal, pulogalamu yotumizira mauthenga. Uthenga umatsekedwa pa foni yanu, n'kukatsekuka pa foni ya mnzanuyo basi. Muyatsenso mauthenga odzifufuta okha. Ine ndimaika sabata imodzi. WhatsApp nayo imatseka mauthenga, komatu eni ake, kampani ya Meta, amasungabe zambiri zokhudza amene mumalumikizana nawo ndiponso nthawi yake. Kwa mtolankhani kapena womenyera ufulu wa anthu, zimenezo zokha n'zokwanira kumuika m'mavuto.

Pofufuza zinthu pa intaneti ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yotsegulira masamba ya Firefox yokhala ndi uBlock Origin, yomwe imatchinga timapulogalamu ta otsatsa malonda tokulondani. Nkhani ikakhala yovuta ndimatsegula Tor Browser, pulogalamu yobisa komwe muli pa intaneti. Imadutsitsa zomwe mukuchita m'makompyuta atatu osiyana, n'chifukwa chake imachedwa. Musalowe mu akaunti yanu ya Facebook muli mmenemo, mudziulula nokha.

VPN ndi pulogalamu yobisa kwa kampani ya intaneti masamba omwe mukupita, koma yaulere ndimaikayikira kwambiri. Eni ake amaona masamba omwe mukupita, nanga ndalama amazipeza kuti?

Lero lomwe, onani mapulogalamu omwe mudawalola kudziwa komwe muli kapena kugwiritsa ntchito maikolofoni, muwalande chilolezocho. Foni ikapempha update musazengereze, poti mapulogalamu aukazitape monga Pegasus amalowera m'ming'alu yosatsekedwa.