Galasi la tochi likamachita nthunzi nthawi ya dzinja

Alonda, asodzi a usipa ndi nonse oyenda usiku, mvula ikayamba galasi la tochi limachita nthunzi, kuwala n'kumangoti mbuu. Pakani kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale kunja kwa galasi, kaume pang'ono, kenako pukutani ndi kansalu kofewa. Madzi azingoyenderera osaunjikana timadontho.

Chonde musapukute ndi malaya amene mwavala. Mchenga wake umakanda galasi, makamaka lapulasitiki, ndipo likakandika lakandika.

Nthunzi ikakhala mkati, kawirikawiri kamphira kotchinga madzi kamakhala katatha, kasintheni. Tsegulani tochiyo, chotsani mabatire asanachite dzimbiri, muiumitse podutsa mphepo. Poisunga, iikeni m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.