Mukuopa kukazulitsa dzino? Chitani izi

Abale anga a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi kwina konse muno mu Harare, ambiri tikuchezera usiku dzino likubaya chifukwa choopa jakisoni wa dotolo wa mano, ena mpaka kuyika aspirin pa usinini, chonde musamatero, amawotcha mnofu koma dzinolo osapola ayi. Kudikira kuti tsaya litupe ndiye koyipa zedi chifukwa pakakhala mafinya mankhwala a dzanzi aja sagwira bwino, ululu umene mumauthawa uja mukaupeza konko. Pitani msanga.

Tsikulo idyani kaye, kaya phala kaya tiyi ndi buledi, osapita ndi njala mungachite chizungulire pampando. Mowa ayi ndithu. Ngati n'kotheka pitani m'mawa musanayambe kudziopseza nokha tsiku lonse, tenganinso m'bale akuperekezeni pa kombi.

Mukalowa nenani mosabisa kuti adokotala ine ndikuchita mantha, palibe cha manyazi apa, azibambo andevu zawo amanjenjemera pampando umene uja. Auzeninso ngati muli ndi BP, shuga, vuto la mtima, ngati ndinu oyembekezera, komanso mankhwala onse amene mukumwa, ma ARV kaya warfarin (woletsa magazi kuundana), mapaketi akewo muwatenge. Kenako mugwirizane kuti mukakweza dzanja iwo ayime kaye, poti kukamwa kuli zitsulo simungayankhule. Chimenechi chokha chimakhazika mtima pansi kwambiri.

Za jakisoni, funsani ngati ali ndi kajelo kopaka pa usinini asanabaye. Mankhwala a dzanzi ambiri ndi lidocaine wosakaniza ndi adrenaline amene amatha kuthamangitsa mtima, ndiye mtima ukathamanga pang'ono musadabwe zimatha posachedwa, koma auzeni. Singano osayiyang'ana, pumani pang'onopang'ono ndi mphuno, mapewa agwe. Pakapita mphindi zingapo mlomo umalemera ngati si wanu. Pozula mudzamva kukankha ndi kugwedeza, mwinanso kaphokoso ka khekhe, zimenezo si ululu. Koma mukamva kubaya kwenikweni kwezani dzanja awonjezere mankhwala, osangopirira misozi ili mbwembwembwe. Amene mantha awo ndi osaneneka afunsiretu za mpweya wa nitrous oxide kapena piritsi lokhazika mtima pansi, si paliponse zimapezeka, ndipo mukamwa piritsilo osayendetsa galimoto.

Mukatuluka lumani thonje limene akuikirani pabowo mphindi 30. Dzanzi limatenga maola 2 mpaka 4, musamwe zotentha, ana muwayang'anire asadzitafune tsaya. Imwani Panado dzanzi lisanatheretu, wamkulu asapyole mapiritsi 8 a 500mg pa maola 24. Brufen amathandizanso mutadya kaye, koma a zilonda zam'mimba, a impso, oyembekezera ndi a warfarin ayi. Tsiku loyamba osachukucha mkamwa, osalavulalavula, fodya musiyeni masiku angapo, magazi oundana pabowo paja ndi amene akuteteza fupa, akachoka ululu wake umabwera woopsa patatha masiku awiri atatu, zikatero bwererani kwa dotolo. Mawa lake ndiye muyambe madzi ofunda a mchere, mofatsa.

Magazi akakana kusiya, kapena kutupa kukafika kudiso kaya kukhosi, thupi likutentha, mukuvutika kumeza kapena kupuma, musadikire kuche, thamangani ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Gomo usiku womwewo.