Njoka za m'mimba si mtundu umodzi: dziwani yomwe mwaona musanamwe mankhwala

Kholo likabwera ndi mwana n'kunena kuti "ali ndi njoka", ndimayamba ndi kufunsa kuti: mwaona chiyani, ndipo mwachiona pati? Ambiri amadabwa, poti kwa iwo njoka ndi njoka basi. Komatu nyongolotsi zokhala m'thupi la munthu zilipo mitundumitundu, zimalowa m'njira zosiyana, ndipo mankhwala opha mtundu uwu nthawi zina sakhudza mtundu uwo. Munthu akhoza kumwa mapiritsi a njoka otchedwa albendazole kangapo, likodzo lili phee m'mitsempha ya chikhodzodzo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.5 biliyoni padziko lapansi ali ndi nyongolotsi zofala kudzera m'dothi. Choncho palibe chochititsa manyazi apa. Chofunika ndi kudziwa yomwe yakulowani.

Tiyambe ndi zooneka ndi maso.

Yodziwika kwambiri ndi Ascaris, njoka yobulungira, yosalala, yoyererako kapena yofiirirako, yosongoka mbali zonse ziwiri. Kutalika kwake ndi masentimita 15 mpaka 35, ndipo kukula kwake kuli ngati pensulo yowonda. Imatuluka ndi chimbudzi, nthawi zina potulukira pake ndi pakamwa kapena m'mphuno, makamaka mwana akatentha thupi. Yaikazi imodzi imaikira mazira okwana 200,000 pa tsiku. Mazirawo amakhwimira m'dothi kwa masabata angapo, kenaka amalowa m'kamwa kudzera m'manja osasamba ndi zakudya zosatsuka. Akaswa, timphutsi take timaboola matumbo, kuyenda ndi magazi mpaka m'mapapo, kukwera kukhosi, munthu n'kutimeza osadziwa. N'chifukwa chake mwana wina amayamba ndi chifuwa chouma, njoka n'kudzaoneka patapita miyezi iwiri. Mwana wodziwika kuti ali ndi njokazi akatupa mimba, akusanza, osachita chimbudzi, musadikire kuti kuche. Zikhoza kukhala zitapotana n'kutseka matumbo, ndipo imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali tina ting'onoting'ono, toyera ngati tizidutswa ta ulusi wosokera, totalika sentimita imodzi. Dzina lake ndi Enterobius. Timeneti simungatipeze kwenikweni m'chimbudzi, ngakhale a labotale amatiphonya akapima chimbudzi chokha. Takatikati timatuluka usiku kudzaikira mazira pakhungu la kotulukira chimbudzi, ndiye mwana amakanda, kutembenukatembenuka, tulo osabwera. Dikirani maola awiri kapena atatu mwana atagona, tengani tochi, muunike pamenepo. Mudzationa tikusuntha. Njira ina ndi ya selotepi yoonekera: m'mamawa, mwana asanasambe komanso asanapite kuchimbudzi, matani selotepiyo pakhungupo, muichotse, a labotale akaione pa makina awo. Ndi bwino kutero masiku atatu otsatizana. Mtundu umenewu umapatsirana m'nyumba kudzera m'zikhadabo ndi zofunda, kotero mankhwala amwe onse a pakhomo, abwereze pakatha masabata awiri. Kupatsa mwana yekha n'kutaya mapiritsi.

Yachitatu ndi Taenia, njoka yaphanthiphanthi ngati lamba. Imafika mamita angapo m'matumbo, koma chimene inu mumaona ndi tizidutswa take toyera, tophwatalala ngati nthanga. Ta mtundu wochokera ku nyama ya ng'ombe timayenda tokha. Munthu amangomva chinthu chikukwawa m'kabudula, kuyang'ana, kachidutswa kakudzitambasula ndi kudzikwinya. Bambo wina anandibweretsera kotere atakakulunga m'pepala, nkhope ili gwaa, akuganiza kuti matumbo ake ayamba kuduka. Ndinamuuza kuti wachita bwino kwambiri kukasunga, chifukwa kachidutswa kamodzi ako kanayankha funso lomwe tikanalisaka kwa masiku.

Pa Taenia ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa mtundu wochokera ku nkhumba ndi woopsa kuposa mmene anthu amaganizira. Nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera tonga mpunga, tomwe ena amati masese, ikadyedwa yosapsa bwino imabala njoka ya lamba m'matumbo. Apo vuto likadali laling'ono. Lalikulu limadza pamene mazira otuluka m'chimbudzi cha munthu ameneyo alowa m'kamwa mwake kapena mwa wina. Timphutsi timakamanga timatuza m'minofu, m'maso ngakhale mu ubongo, ndipo munthu amayamba kugwa khunyu. Bungwe la WHO limati m'madera momwe njokayi ndi yofala, pafupifupi 30 pa 100 alionse odwala khunyu, gwero lake ndi limeneli. Onani kuti ngakhale wosadya nkhumba akhoza kudwala, bola akhale pafupi ndi wonyamula njokayo. Wamkulu akayamba khunyu mwadzidzidzi, achipatala auzidwe ngati pakhomo pali wina amene anaonapo tizidutswa tija.

Tsopano zosaoneka, zomwe kwa ine ndi zimene zimapweteka anthu mwakachetechete.

Njoka zoyamwa magazi, zamitundu ya Necator ndi Ancylostoma, n'zotalika sentimita imodzi yokha ndipo zimakanirira kukhoma la matumbo, sizituluka wamba. Timphutsi take timaboola khungu la kuphazi munthu akaponda dothi lonyowa lomwe lili ndi chimbudzi. Pamalo polowerapo pamayabwa masiku ochepa n'kuiwalika. Chotsalira ndi kuchepa kwa magazi. Kokerani pansi chikope cha m'munsi cha mwanayo: ngati mkati mwake mwayera m'malo mofiira, yang'ananinso zikhatho ndi lilime. Mwana wotere amatopa msanga, amachita befu pothamanga pang'ono, ena amalakalaka kudya dothi. Kwa mayi woyembekezera ndiye zimafika poipa. Koma kuyera kwa zikope kuli ndi zoyambitsa zambiri, malungo ndi chimodzi mwa izo, ndiye musagamule nokha. Kayezetseni magazi ndi chimbudzi.

Trichuris, yooneka ngati kachikwapu ka masentimita 3 mpaka 5, nayonso simaoneka kawirikawiri. Ikachuluka mwana amatsekula m'mimba mwamagazi ndi zonanda, mpaka thumbo kutuluka kunja.

Likodzo lili ndi njira yakeyake. Nyongolotsi zake, zomwe dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anazitulukira ku Cairo m'dziko la Egypt mu 1851, sizikhala m'matumbo koma m'mitsempha ya magazi, kotero palibe tsiku lomwe mudzazione. Timphutsi take timachokera mu nkhono za m'madzi osakhala amchere, n'kulowa pakhungu munthu akusamba, kuchapa kapena kuwoloka. Chizindikiro chodziwika ndi magazi otuluka kumapeto kwa mkodzo, madontho omaliza aja. Mtundu wina umagwira matumbo ndi chiwindi, ndipo mkodzo umakhala woyera bwinobwino pamene mimba ikutupa pang'onopang'ono. Kwa amayi likodzo limatha kubweretsa kuwawa m'chinena, chikazi chachilendo ndi magazi pogonana, ndipo ambiri amapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana mobwerezabwereza, maukwati mpaka kugwedezeka, chonsecho vuto linachokera m'madzi. Uzani adokotala ngati mumalowa m'madzi otere. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwenso amapha njoka ya lamba, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kapena kutalika kwa munthu.

Samalaninso ndi zonamiza maso. Ulusi wa masamba ndi zipatso zosagayika bwino umaoneka ngati tinjoka m'chimbudzi. Mphutsi zoyera zomwe mumaziona pa chimbudzi chogonera n'za ntchentche, sizinachoke m'mimba. Chipere nacho, ngakhale chimazungulira ngati njoka yodzipinda, si nyongolotsi ayi, ndipo mapiritsi a njoka sachichiza. Kukukuta mano usiku, komwe ambiri amati ndi umboni wa njoka, pakokha sikutsimikiza kanthu.

Mukaona chinthu chokayikitsa, musachigwire ndi manja. Chitoleni ndi kamtengo, muchiike m'kabotolo koyera kokhala ndi chivindikiro, muthiremo madzi pang'ono kuti chisaume, kenaka sambani m'manja ndi sopo. Ngati muli ndi foni, chijambuleni chili pafupi ndi rula kapena kamtengo ka machesi kuti kutalika kwake kudziwike. Popereka chimbudzi ku labotale, chikhale chatsopano, chosasakanikirana ndi mkodzo kapena dothi, ndipo kachigawo konga nsonga ya chala chachikulu n'kokwanira. Mkodzo woyezera likodzo umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamene mazira amatuluka ambiri, ndipo musataye madontho omaliza. Pa maikulosikopu, makina oonera tizinthu tosaoneka ndi maso, dzira lililonse lili ndi chizindikiro chake: la Trichuris lili ngati kambiya kotsekedwa uku ndi uku, la likodzo la m'chikhodzodzo lili ndi kaminga kunsonga, la likodzo la m'matumbo kaminga kake kali m'mbali.

Zotsatira zikatuluka kuti sanapeze kanthu koma zizindikiro zikupitirira, musafooke. Nyongolotsi siziikira mazira mofanana tsiku ndi tsiku, ndipo ngati zangolowa kumene zimakhala zisanayambe kuikira. Pemphani kuti ayezenso chimbudzi cha tsiku lina, kawiri kapena katatu, ndipo muwauze ngati munamwa kale mankhwala a njoka ndi tsiku lomwe munamwa.