Momwe mungamvere nyimbo za classical zathunthu pamene mawayilesi akungotidulira tizidutswa

Anzanga okonda nyimbo za classical muno mu Lusaka, makamaka inu a makwaya amene chaka ndi chaka mumalimbana ndi Hallelujah ya Handel pa sol-fa, tikambeko za wayilesi. Kuno pa FM nyimbozi sizimveka kawirikawiri ndiye ambiri tinathawira ku masiteshoni akunja pa intaneti, koma nakonso zinthu zatsika, ndipo mukapanda kusamala bandulo yonse itha musanamveko nyimbo imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Vuto lake nali. Symphony No. 5 ya Beethoven, ija inayamba kuimbidwa ku Vienna mu 1808, ili ndi zigawo zinayi ndipo imatenga theka la ola kapena kupitirirako pang'ono. Masiteshoni ambiri manje amangoika gawo loyamba, mphindi 7, basi malonda abwera. Koma mtima wa nyimboyi uli kutsogolo, pamene gawo lachitatu limatsika mpaka kutsala ng'oma ya timpani ikugunda chapansipansi kenako osaima n'komwe okestra yonse imaphulika kulowa gawo lachinayi. Amene amadalira siteshoni yodula sadzamvapo malo amenewo. Messiah ya Handel ya 1742 ndi chimodzimodzi, imapitirira maola awiri, Hallelujah imabwera kumapeto kwa gawo lachiwiri pambuyo pa masautso onse a Khristu, ndiye kuimva payokha kuli ngati kuwerenga vesi imodzi ya Yobu n'kumati nkhani yake waidziwa.

Chimayambitsa ndi ndalama. Siteshoni ya malonda imaopa kuti munthu ali mu galimoto akamva nyimbo yaitali asintha, ndiye amasankha tizigawo tifupitifupi todziwika kale. Classic FM ya ku UK, yomwe inayamba mu 1992, inakula ndi njira imeneyi ndipo ena anatengera. Ku Johannesburg kunali Classic FM pa 102.7 kuyambira 1997, mu 2021 inasanduka Hot 102.7 ya nyimbo zakale za pop ndi R&B. Ngakhale BBC mu 2024 inatsegula Radio 3 Unwind, ya nyimbo zoti munthu apumulirepo. Kupuma sikulakwa ayi, koma zimandipweteka kuona nyimbo zimene anthu anazilemba kuti zikugwedeze zikusanduka zogonetsa tulo.

Ndiye choyamba, iyeseni siteshoni musanaipatse data yanu. Ipatseni ola limodzi chabe muli ndi pepala. Woulutsa akutchula chiyani nyimbo ikatha? Wabwino amanena wolemba, dzina la nyimbo, okestra yake, woitsogolera, mwinanso kakufotokozerani pang'ono kuti inalembedwa liti ndipo chifukwa chiyani. Winayo amangoti imeneyo inali Mozart yokoma, n'kuyamba za nyengo. Onaninso ngati amamaliza zigawo zonse. Mukamva Canon ya Pachelbel, Spring ya Vivaldi ndi Largo ya mu New World Symphony ya Dvořák zikungozungulira tsiku ndi tsiku, dziwani kuti ali ndi kamndandanda kochepa komwe amangobwereza. Four Seasons ya Vivaldi, momwe muli Spring ija, ndi ma concerto anayi, iliyonse zigawo zitatu, koma ambiri timangodziwa mphindi zitatu zoyamba za Spring chifukwa ndi zomwe amatipatsa.

Pali chinanso chimene anthu sachizindikira msanga, kafinyidwe ka mawu. Masiteshoni ena amakweza malo otsika n'kutsitsa malo okwera kuti zonse zimveke mofanana mu phokoso la msewu. Yeserani ndi Boléro ya Ravel ya 1928, imayamba ndi kang'oma kamodzi kovuta n'kumva komwe ndipo kwa mphindi pafupifupi 15 imangokwera mpaka kumapeto nyumba igwedezeke. Ngati poyamba ndi pomaliza zikumveka msinkhu umodzi osakhudza voliyumu, siteshoniyo yaipha nyimbo.

Chachiwiri ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene mungapindule kwambiri. Ngakhale siteshoni yabwino m'mawa ndi nthawi yoweruka kuntchito imadula, zathunthu zimabwera madzulo ndi usiku. BBC Radio 3 imaulutsa konsati madzulo pakati pa sabata 19:30 nthawi ya London, kuno ndi 20:30 kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi inayo 21:30 chifukwa iwo amasintha mawotchi ife ayi. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala kuli BBC Proms, makonsati amene anayamba mu 1895 ndipo ambiri amachitikira ku Royal Albert Hall, onse amamveka pa Radio 3. App ya BBC Sounds anaitsekera anthu a kunja kwa UK mu 2025 ndiye funani Radio 3 pa website ya BBC. France Musique ili ndi konsati yamadzulo nayonso, ngakhale simumva Chifalansa nyimbo muimva ndithu. Okonda mawu a anthu, Metropolitan Opera ya ku New York imaulutsa opera yathunthu Loweruka masana kuyambira 1931, nyengo yake imayamba mu Disembala, nthawi zambiri 13:00 kwawoko yomwe ndi 20:00 kuno miyezi yawo yozizira, ndipo siteshoni ya WQXR ya ku New York imaiponya pa intaneti ulele. Kufupi kuno kuli Fine Music Radio ya ku Cape Town, nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi.

Za data musaope kwambiri. Mawu okha pa 128 kbps amadya pafupifupi 58MB pa ola, ndiye Symphony No. 9 ya Beethoven yonse, mphindi ngati 70, sifika ngakhale 100MB. Chimatha bandulo ndi vidiyo. Ngati mufuna kuonera, tsitsani kwalite ya chithunzi, kapena dawunilodani usiku ndi bandulo yausiku kuti malaiti akapita muli nazo kale mu foni. Ndipo chonde gulani ma earphone otseka bwino khutu, pa sipika ya foni ma cello ndi double bass samveka, komanso mu minibasi yopita ku Matero kapena Chelstone malo onse otsika amamezedwa ndi injini ndi kuitanira kwa kondakita. Nyimbo yaitali isungireni kunyumba ana akagona.

Siteshoni yodulayo musaitayiretu, igwiritseni ntchito ngati khomo. Mukamva kagawo kakukhudzani lembani dzina ndi nambala yake, Op. kwa olemba ambiri, BWV kwa Bach, K. kwa Mozart, ndipo ngati woulutsa sanatchule masiteshoni ambiri amaika pa website mndandanda wa zomwe aimba ndi nthawi yake. Nambala ija ndi imene ikuthandizeni kupeza nyimbo yonse osati kachidutswa komweko. Pa YouTube, Frankfurt Radio Symphony imaika makonsati athunthu ulele ojambulidwa bwino kwambiri. A kwaya amene mumawerenga staff notation pitani pa website ya IMSLP mutenge manotsi, kumvera uku mukutsatira pa pepala kumatsegula khutu kuposa china chilichonse, mumayamba kumva ma alto ndi ma tenor kumene akubisala.

Mudzifunire nokha olemba amene kamndandanda kaja sikawafikira kawirikawiri. Samuel Coleridge-Taylor, wobadwa mu 1875 ku London, bambo ake a ku Sierra Leone. Fela Sowande wa ku Nigeria ndi African Suite yake. Florence Price, amene symphony yake yoyamba inaimbidwa ndi okestra ya ku Chicago mu 1933. Mzilikazi Khumalo wa ku South Africa ndi uShaka, nyimbo yaikulu ya kwaya ndi okestra imene a makwaya athu angaimve pafupi ndi mtima.

Muzifunsanso ku Evelyn Hone College kumbali ya nyimbo, ku Ngoma Dolce Music Academy ndi ku Cathedral of the Holy Cross ngati kuli konsati ikubwera, pamaso palibe amene angakudulireni gawo lachitatu. Ndipo amene muli ndi mnzanu ku wayilesi ya mpingo kapena ya m'dera muno mu tauni, mupempheni ola limodzi Lamlungu usiku, mupite ndi nyimbo imodzi yathunthu ndi mawu ochepa m'Chinyanja ofotokoza kuti wolemba ndani ndipo omvera atchere khutu pati. Yambani ndi Requiem ya Fauré, imatenga mphindi zosakwana 40 ndipo ikwana mu ola limodzi pamodzi ndi zofotokoza zanu.