Mmene mungafufuzire mbiri ya Mengistu Haile Mariam mosasokoneza zinthu

Mengistu Haile Mariam anali msilikali yemwe analamulira dziko la Ethiopia mpaka 1991. Yambirani pa dzina. Ku Ethiopia dzina lachiwiri limakhala la bambo, osati la mfunda. M'mabuku muyang'aneni pa Mengistu, ndipo musamusokoneze ndi Hailemariam Desalegn, yemwe anali nduna yaikulu kuyambira 2012 mpaka 2018.

Zaka nazo zimapusitsa. Kalendala ya ku Ethiopia imatsalira ndi zaka 7 kapena 8. Asilikali a Derg, komiti ya asilikali imene Mengistu analimo, anachotsa Mfumu Haile Selassie pa 12 September 1974, koma chikalata cha kumeneko chimati chinali chaka cha 1967. Pa chaka cha ku Ethiopia wonjezerani 7 ngati tsikulo lili pakati pa 11 September ndi kutha kwa December, ndipo 8 pa miyezi inayo.

Musalembe kuti Mengistu analamulira yekha kuchokera mu 1974. Mphamvu zonse anazitenga mu February 1977, wapampando wa Derg, Teferi Bante, ataphedwa.

Povuta penipeni ndi pa chiwerengero cha ophedwa. Pa nthawi ya Qey Shibir, kampeni ya boma yopha otsutsa, mu 1977 ndi 1978, boma linkasaka achinyamata owaganizira kuti ndi a chipani chotsutsa boma cha EPRP, ndipo mabanja ena ankalipiritsidwa mtengo wa chipolopolo kuti atenge mtembo wa mwana wawo. Ziwerengero zimasiyana kwambiri, choncho chilichonse mungalembe, nenani amene anachitulutsa komanso zaka zimene anawerengera. Musaphatikize anthu amenewa ndi omwe anafa ndi njala ya 1983 mpaka 1985. Njalayo musaikankhire kwa chilala chokha: nkhondo ya ku Tigray ndi ku Eritrea, kugula mbewu kwa alimi mokakamiza pa mtengo wotsika, ndiponso kusamutsa anthu pafupifupi 600,000 a kumpoto zinaikulitsa.

Omuikira kumbuyo amatchula lamulo la March 1975 lolanda minda kwa eni malo akuluakulu, sukulu za kwacha za 1979, komanso kugonjetsa Somalia pa nkhondo yolimbirana dera la Ogaden mothandizidwa ndi Soviet Union ndi Cuba. Zimenezi zinachitikadi, zilembeni. Koma fotokozaninso kuti mindayo inakhala ya boma, mlimi sanapatsidwe umwini.

Anathawira ku Zimbabwe mu May 1991, ndipo boma la Robert Mugabe linakana kumubweza. Khoti la ku Ethiopia linamupeza wolakwa pa mlandu wopulula anthu mu December 2006, linamugamula kukhala m'ndende moyo wonse mu 2007, kenako khoti lalikulu linasintha chilangocho kukhala cha imfa mu 2008. Potchula zigamulozi, nenani kuti mlandu wonse unazengedwa iye kulibe.